Diresi la Buluu la Apongozi

Nkhani zabwino zikafuna kubwera sizipatsana mpata. Lachitatu lija Tabeth Mbewe analandira ziwiri dzuwa lisanafike pamutu.

Yoyamba inamupeza m'tchire la ku Mnkhanya, atanjuta pa msampha wa nambala 14, akuwerenga ntchentche. Inde, ntchentche. Mtsikana wophunzira bwino, wokongola moti madalaivala onyamula alendo odzaona nyama ankachepetsa liwiro akamuona, ntchito yake inali yowerenga ntchentche zakufa. Kungoti sizinali za padzala ayi. Zinali za kashembe, zija zimaluma ngati singano n'kusiya m'magazi matenda a kaodzera.

Msamphawo sunali wovuta. Inali nsalu ya buluu yokungidwa pa timitengo tiwiri, pamwamba pake atakutapo pulasitiki yomata. Ntchentche ikaona buluuyo imathamangirako n'kukanirira pomwepo. Chachilendo chinali nsaluyo. Dokotala Edith Sakala, mkulu wa kafukufukuyo, ankati inatenga zaka zinayi kuti ipezeke. Ena anafufuza mmene diso ndi ubongo wa kashembe zimaonera mitundu, a masamu anawerengera buluu weniweni amene angaizunguze mutu, ena n'kuvutika ndi ulusi ndi utoto kuti isasuluke ndi dzuwa la m'chigwa cha Luangwa. Zidutswa zake zinalipo makumi awiri basi, ndipo chilichonse Tabeth anachilemba nambala m'mphepete ndi dzanja lake, kuyambira T1 mpaka T20.

M'mawa umenewo dokotala anakhala m'galimoto akuphatikiza ziwerengero za miyezi itatu. Kenaka anatsika, chitseko osatseka, n'kuthamangira kwa Tabeth ngati kamtsikana.

"Kawiri, Tabeth. Nsalu yathu ikugwira kawiri kuposa yakale."

Anagwirana manja n'kuvina pakati pa mitsanya, mai wa magalasi ndi womuthandiza wake, anyani akuwayang'ana. Tabeth ankadziwa tanthauzo la kawiri ameneyo. Ntchentche zikachepa, ng'ombe zingakhale m'chigwa, ndipo maliro ena sangachitike.

Ali wefuwefu choncho foni inalira m'thumba. Unali uthenga wa Hosea, chibwenzi chake.

"Amai avomera. Sande ukaweruka ku tchalitchi ubwere kunyumba. Amalume adzakhalapo. Usavale thalauza."

Anawerenga katatu. Kachitatuko anangokhala pansi pa udzu.

* * *

Hosea Njobvu anali sikauti, mmodzi wa anyamata a m'mudzi olondera nyama. Anakumana ndi Tabeth chaka ndi theka chapitacho, pamene anamutuma kuti aziperekeza ofufuza m'tchire kuopa njovu. Tsiku loyamba sanayankhule kanthu. Lachiwiri anafunsa Tabeth ngati ntchentche zake amazipatsanso maina. Lachitatu ananyamula bokosi lake popanda womupempha, mfuti kuphewa lina bokosi kuphewa lina, ndipo aliyense wa maso anaona kumene nkhaniyo inkalowera.

Amene anakana kuona anali amai ake a Hosea, a Magdalene. Chaka chathunthu sanalole kuti Tabeth aponde pabwalo pawo, ndipo anali ndi chifukwa chawo. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo amuna awo, a Abraham, msodzi wa mphamvu zake, anayamba kudandaula mutu. Kenaka ankagona masana chakudya chili m'manja, kenaka anayamba kukalipira ana awo ngati sakuwadziwa. Anawatengera kuchipatala matenda atafika kale ku ubongo. Kumeneko anawabaya singano kumsana kuti ayeze madzi, ndipo patatha masiku asanu anamwalira. A Magdalene sanamve zoti kaodzera. Iwo anaona singano ikulowa, anaona bokosi likutuluka. Kuyambira pamenepo aliyense woyenda ndi singano ndi timabotolo anali mdani wawo, ndipo Tabeth, amene nthawi zina ankabaya anthu chala kuti ayeze magazi, ankamutchula kuti mtsikana wotenga magazi uja.

Mpongozi wa kumtima kwawo anali naye kale. Priscilla, telala wa pamsika, woimba kwaya ku tchalitchi kwawo, ankawatungira madzi, ankawaluka tsitsi, ankawaitana kuti amai ndi mawu otsekemera ngati ukwati unachitika dzulo. Hosea yekha ndi amene sanafunsidwe.

* * *

Madzulo a Lachitatu lomwe lija Tabeth ndi Hosea anakumana pa mlatho waung'ono wa panjira ya ku Mfuwe, pamalo pawo pa nthawi zonse. Hosea anabwera akupalasa njinga mothamanga, chisoti chili m'manja, mano onse pamtunda. Anafotokoza kuti amene anagwira ntchitoyo ndi amalume ake a Langford, mlongo wawo wa amai. Anawakhalira masiku atatu akuwauza kuti munthu sakana ndiwo asanalawe, mpaka amai anatopa n'kunena kuti abwere ndimuone.

Kenaka Hosea anasanduka mphunzitsi. Anati Tabeth abwere ndi munthu wamkulu, avale chitenje chofika m'mapazi, agwade popereka moni, maso akhale pansi mpaka amai atanena okha kuti adzutse nkhope. Asayankhule asanafunsidwe. Asatchule ntchentche, asatchule magazi, asatchule chipatala.

"Nanga akandifunsa ntchito yanga?"

"Uziti umathandiza adokotala kulemba."

"Limenelo si bodza?"

"Sumalemba?" Hosea anamugwira dzanja. "Tabeth, tsiku limodzi lokha. Sayansi uisiye kunyumba, idzakudikira. Ndilonjeze."

Tabeth analonjeza akuseka. Zinkaoneka zophweka, kugwada ndi kukhala chete. Anamuuzanso za kawiri uja, ndipo Hosea, amene masamu anawathawa ali giredi naini, anasangalala ngati wagoletsa chigoli ndi iyeyo. Anamukweza pa kaliyala n'kumupalasa mpaka pafupi ndi kwa azakhali ake a Tabeth, akuimba nyimbo yopanda mutu, anthu akucheuka.

* * *

Lachisanu m'mawa anapeza timitengo tokhatokha. Misampha itatu ya m'mbali mwa mtsinje, T12, T13 ndi T14, inalibe nsalu. Wakubayo anamatula pulasitiki mosamala n'kuitaya paudzu pamodzi ndi ntchentche zake, ndipo pamchenga panali mapazi aang'ono a patapata.

Dokotala Edith anavula magalasi. Kafukufukuyo anatsala ndi masiku khumi kuti athe, ndipo nsalu yoteroyo sinali yoti n'kukagula ku Chipata. Hosea, amene anawaperekeza tsikulo, anapsa mtima kuposa eni ake. Analumbira pamaso pa dokotala kuti wakubayo amupeza, ngakhale atakhala m'bale wake. Pakamwa pamatsogola, mwini wake n'kumatsatira pambuyo.

* * *

Loweruka Tabeth anapita kumsika kukagula chitenje. Akusankha, anamva makina osokera aima kumbuyo kwake.

"Mwaswera bwanji, asisi a ntchentche?"

Anali Priscilla, tepi ili m'khosi, akumwetulira kumwetulira kosafika m'maso. Tabeth anayankha moniwo bwinobwino. Priscilla anati wamva kuti mawa kuli alendo kwa amai, ndipo iyenso adzakhalako, pakuti amai sangalandire alendo popanda iye. Anayang'ana chitenje chimene Tabeth anagwira n'kunena kuti n'chabwino ndithu, cha mtundu umene agogo amakonda.

"Ine amai ndawasokera kanthu koti avale mawa," anatero akubwerera ku makina ake. "Sindinawayeze n'komwe. Mpongozi weniweni saizi ya apongozi ake amaidziwa pamtima."

Tabeth anamva nsanje ikumuotcha pachifuwa, ndipo anadzida chifukwa cha zimenezo. Iye ankadziwa kusiyanitsa ntchentche yaimuna ndi yaikazi ndi diso lokha, koma batani lomwe sankatha kusokerera.

* * *

Lamlungu Tabeth anafika ndi azakhali ake a Gladys nthawi isanakwane. Nyumba ya a Magdalene inali yomaliza m'mudzimo, kuseri kwake kukuyamba nkhalango ya mitsanya. A Langford anawalandira pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, akazi pamphasa. Anati mwini nyumba akubwera, wadzera njira yachidule ya m'nkhalango pochokera ku tchalitchi. Hosea anakhala chapatali atavala shati yoyera, akupukuta thukuta limene silinali la dzuwa lokha.

Tabeth anamva mawu a akazi awiri akuyandikira, wina akuseka mokweza. Anaweramitsa mutu monga anamulangizira. Anamva mpando ukukokedwa, a Gladys anamugunda ndi chigongono, ndipo anayenda chogwada mpaka pamapazi pa a Magdalene, akuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Muli bwanji, amai?"

"Tili bwino, kaya iwe."

Munthu wogwada, maso ali pansi, amaona mapazi ndi mpendero wa chovala basi. Tabeth anaona nsapato zakuda zafumbi. Pamwamba pake anaona buluu. Buluu ameneyo akanamuzindikira ngakhale pakati pa nsalu chikwi, pakuti anakhala akumuyang'ana m'mawa uliwonse miyezi itatu. Anadziuza kuti maso akumunamiza. Koma a Magdalene pokhala pansi mpendero unapindikira kunja pang'ono, ndipo m'kati mwake munali tizilembo takuda: T14. Folo wake anali wotsegula pamwamba, mmene Tabeth ankalembera kuyambira ali kupulaimale.

Priscilla. Mapazi aang'ono a patapata aja. Mawu anafika pakhosi, koma anakumbukira lonjezo la pa mlatho n'kuwameza. Nsalu yadulidwa kale, anadziuza, siibwereranso pa timitengo. Nkhaniyi ikhoza kudikira mawa. Anabwerera pamphasa ali chete.

Ndipo zinthu zinayenda bwino, bwino kuposa mmene aliyense ankayembekezera. A Langford anali munthu wa nthabwala, anaseketsa a Gladys mpaka kutsokomola. A Magdalene anafunsa kwawo kwa mtsikanayo, ndipo atamva kuti amai ake ndi a ku Msoro mawu awo anasintha. Iwonso anakulira ku Msoro, anaphunzira pa mishoni pomwepo. Anatchula maina, a Gladys anawadziwa onse. Zinapezeka kuti agogo ake a Tabeth ndi amene anaphunzitsa a Magdalene kuumba mbiya. Priscilla, amene ankazungulira ndi makapu a thobwa, anasiya kuseka. Hosea anayamba kupuma ngati munthu.

"Ndiye ndiwe mdzukulu wa mai aja," anatero a Magdalene, mawu atafewa. "Tadzutsa nkhope ndikuone, mwana iwe. Sendera kuno."

Tabeth anasendera n'kudzutsa nkhope. Anaona mai wa nkhope yoonda ndi maso akuthwa ofanana ndi a Hosea, akuyesa kubisa kumwetulira. Anaonanso china. Paphewa la diresilo panatera ntchentche zitatu za kashembe, mapiko atapingasa ngati sizasi. Zinawatsatira kuchokera m'nkhalango muja, pakuti nsaluyo inkagwira ntchito imene anaipangira, kungoti tsopano panalibe pulasitiki yomata, panali munthu. Yachinayi inali pakhosi, pansi pa khutu, mimba yake ikufufuma n'kumafiira.

Tabeth sanaganize. Dzanja linapita lokha.

Phaa!

Mbamayo inamveka mpaka kukhola la mbuzi. Duku la a Magdalene linagwa pansi. Kapu inapulumuka m'manja mwa a Langford, thobwa n'kumwazikira pa nsapato zawo. Mtsikana wobwera kudzaonekera, tsiku loyamba, pamaso pa amalume ndi azakhali, wamenya apongozi.

Priscilla ndiye anayamba kulira, kulira kwa pamaliro, manja kumutu.

Tabeth anatambasula chikhatho. Munali ntchentche yophwanyika ndi magazi. Apa akanatha kugwa pansi n'kupepesa, mwina a Langford akanaisandutsa nthabwala. Koma ntchentche zitatu zija zinali zitabwereranso paphewa, ndipo mantha anamulanda nzeru zonse za mwambo.

"Amai, vulani diresi ili. Chonde, vulani manje manje."

A Gladys anabisa nkhope m'chitenje. Kumenya kunali ngozi, koma kuuza apongozi kuti avule, pabwalo, mlongo wawo ndi mwana wawo wamwamuna ali pomwepo, kumeneko kunalibe dzina.

Tabeth anafotokoza mothamanga, mawu akupunthwa. Anati nsaluyo si ya m'sitolo, ndi ya msampha, inapangidwa dala kuti iziitana ntchentche za kashembe, ndipo woivala akadzera m'nkhalango amakhala ngati waziitanira ku phwando. Priscilla anasiya kulira n'kulumbira kuti nsaluyo anagula ku Chipata. Tabeth sanatsutsane naye. Anangoloza mpendero. Hosea anaimirira, anawerama pamapazi pa amai ake, anawerenga, ndipo atadzuka nkhope yake inali ya sikauti, osati ya mkwati.

A Magdalene anatola duku lawo, analikutumula, analimanga pang'onopang'ono. Sanayang'ane Priscilla ngakhale kamodzi. Manyazi awo onse anafuna pogwera pamodzi, ndipo anagwera pa Tabeth.

"Ndiye nsalu zimenezi zimaitana ntchentche."

"Inde, amai, kuti zigwidwe pa..."

"Ndipo mwazipachika kuseri kwa mudzi wathu." Anayang'ana chikhatho cha Tabeth. "Anthu ankandiuza, ine lero n'kumati mwina amanama. Taonani, achimwene. Sanathe ndi tsiku limodzi lomwe, magazi anga ali kale m'manja mwake."

Analowa m'nyumba. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena mosakweza mawu kuti mtsikanayo asadzapondenso pabwalo pawo.

* * *

Masiku awiri foni ya Tabeth inangokhala duu. Analemba mauthenga asanu ndi umodzi, onse anaoneka kuti awerengedwa, palibe umene unayankhidwa. A Gladys ankangopukusa mutu akamuona, ndipo kumsika nkhani inali itakula kale: ena ankati anawamenya kawiri, ena ankati anawagwetsa pampando.

Lachitatu Hosea anabwera pa mlatho ndi jumbo. M'kati munali diresi lija, lopindidwa bwino. Anamupatsa osamuyang'ana. Anati Priscilla anavomera kuti anatenga nsalu zija popita kunkhuni, ankayesa kuti ndi nsalu zimene azungu anataya. Hosea anamulemba mu lipoti monga analumbirira, ndipo tsopano amai sakumuyankhulanso iyeyo, akuti wachititsa manyazi mwana wa eni chifukwa cha mtsikana wopanda mwambo.

"Unandilonjeza, Tabeth."

"Ndinalonjeza. Nsaluyo ndinaiona nditangogwada, ndinakhala chete. Ola lathunthu ndinakhala chete chifukwa cha iwe." Misozi inayamba kutsika. "Ndipo kukhala chete kumeneko ndi kumene ndikudandaula, osati mbama. Ndikanalankhula pomwepo ntchentche ija sikanawaluma."

Hosea anakhala pa chipupa cha mlatho. Mkwiyo wake unali wa munthu amene akudziwa kuti mnzake sanalakwe koma zinthu zawonongeka ndithu. Anafunsa ngati amai adwala. Tabeth anamuuza zimene ankadziuza yekha tsiku lililonse, kuti mwa ntchentche mazana ambiri ndi imodzi yokha imene imakhala ndi tizilombo topatsira munthu, ndiye masamu ali kumbali yawo. Komabe anamupempha kuti aziyang'ana pakhosi paja. Pakatupa, kapena thupi likatentha, asadikire.

"Ngakhale patatupa sangapite kuchipatala," anatero Hosea. "Ukuwadziwa."

Pochoka anamugwira chala chimodzi chokha, mwachidule, n'kukwera njinga. Tabeth anagwiritsitsa kachala kameneko ngati chuma mpaka kunyumba.

* * *

Kafukufuku anatha ndi misampha khumi ndi isanu ndi iwiri. Dokotala Edith anawerengeranso zonse n'kupeza kuti kawiri uja sanasunthe, ndipo anagulira gulu lonse zakumwa zozizira. Tabeth anamwa chake osamva kukoma.

Tsiku lachisanu ndi chinayi chichitikire mbama ija, cha m'ma teni awazi m'mawa, akulongedza mabokosi m'galimoto, anaona njinga ikubwera fumbi lili kumbuyo. Hosea anadumpha isanaime.

Pakhosi panatupa dzana, anatero, chotupa chofiira, cholimba, chowawa. Dzulo thupi linatentha ndipo mutu unayamba. Amai anamwa mankhwala a malungo, sizinasinthe. A Langford anawachonderera za chipatala, anakana. Priscilla anabwera ndi mizu, anamubweza pakhomo. Ndiye m'mawa uno, akusisita pakhosipo, ananena chinthu chimodzi.

"Akuti ndikuitane iwe."

Tabeth anayang'ana dokotala. Dokotala anali atatsegula kale chitseko cha galimoto, bokosi la makina oonera tizilombo lili m'manja.

* * *

Anawapeza atakhala pamphasa pansi pa mango womwe uja, atatsamira thunthu, atafunda chitenje ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. A Langford anali pambali pawo, nthabwala zonse zitawathera. Tabeth anaima m'malire a bwalo, pakuti analetsedwa kupondapo.

"Lowa," anatero a Magdalene. "Ndinakuletsa ndine, ndakuitana ndine."

Anagwada patsogolo pawo. Ulendo uno sanaweramitse mutu, anayang'ana pakhosi, ndipo anachiona yekha chotupacho.

A Magdalene anati mutu umenewu akuudziwa. Anauona pa amuna awo, ndipo umayamba chonchi. Masiku onsewa akhala akuganiza. Anthu anayi anali pabwalo tsiku lija, mlongo wawo, mwana wawo, a Gladys, ndi uja amawaitana kuti amai, onse ankaona diresi lokongola. Wachisanu yekha, Tabeth, ndi amene anaona ntchentche.

Tabeth anawauza mofatsa kuti a Abraham anafika kuchipatala mochedwa, tizilombo titalowa kale mu ubongo, ndipo si singano imene inawapha. Anati zinthu zasintha, ofufuza sanagone zaka zonsezi, masiku ano kuli ndi mankhwala akumwa, ndipo munthu akafulumira amachira. Dokotala Edith anavomereza ndi mutu. Choyamba, anatero Tabeth, n'kuona dontho limodzi la magazi a pachala.

"Adokotala anu asandikhudze," anatero a Magdalene. "Dzanja limene linandimenya ndi lomwelo lindibaye."

Anatambasula dzanja, koma Tabeth asanaligwire analibweza pang'ono.

"Umve kaye, kuti usadzati sindinakuuze. Ukapeza kanthu ndipita kuchipatala kwanuko. Ndikabwerako ndi mapazi anga, pa ukwati wanu ndidzavina mpaka fumbi. Koma ndikabwerako mmene anabwerera atate ake, Hosea walumbira pamaso pa amalume ake kuti sadzakuyang'ananso."

Tabeth anatembenukira kwa Hosea. Ankafuna kuti apukuse mutu, kuti anene kuti amai akuwonjezera. Hosea anayang'ana pansi.

"Sakanavomera mwa njira ina," anatero ndi mawu osweka. "Ndinalumbira."

Zinamupweteka, ndipo sanabise. Misozi inadzaza m'maso moti anachita kuipukuta ndi phewa kuti aone chala. Koma manja ake ankadziwa ntchito yawo. Anapukuta chalacho ndi thonje, anabaya, a Magdalene anatsinzina osalira. Dontho linagwera pa kagalasi. Anapita nako kumbuyo kwa galimoto kumene dokotala anali atayatsa makina, anaika, anawerama.

Kwa miyezi yambiri ankalakalaka kuti tsiku lina mai ameneyu adzamupatse dzanja. Sanaganizepo kuti lidzabwera motere. Anapotoza kagudumu pang'onopang'ono, akupemphera kuti masamu aja akhale oona, imodzi mwa mazana, imodzi mwa mazana. Magazi anaonekera bwino, timadontho tofiira tambirimbiri. Kenaka pakona timadonthoto tinagwedezeka. Kanthu kakang'ono, kowonda, kanadutsa pakati pawo kakupirikita. Kenaka kena.

Dokotala anayang'ana naye, anadzuka, n'kumugwira paphewa.

Tabeth anabwerera pansi pa mango n'kugwadanso.

"Waona chiyani, mwana iwe?"

"Tizilombo tilimo, amai. Koma tafulumira."

A Magdalene anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankadziwa kale. Anauza a Langford kuti awasungire nkhuku, anamanga duku bwinobwino, n'kuyamba kudzuka. Hosea anathamanga kuti awagwire, koma anamukankha dzanja. Anagwira mkono wa Tabeth, chikhatho chawo chikutentha ngati mbaula, n'kutsamira pa iye ndi thupi lonse.

"Tiye nane," anatero akuyang'ana galimoto. "Ukaone wekha ngati udzakwatiwa."